Sukulu za panyanja yamchere: matenda ndi ngozi zikagwa kutali ndi mtunda



M'maiko ena muli sukulu zomwe makalasi ake ali m'sitima yapamadzi. Ophunzira amagona momwemo, kudyera momwemo ndi kulembera mayeso momwemo, sitimayo ikuwoloka nyanja zamchere kuchoka padoko lina kupita padoko lina. Yodziwika kwambiri ndi Semester at Sea ya ku America, yomwe idayamba m'chaka cha 1963 ndipo imatenga ophunzira a ku yunivesite mazanamazana kwa miyezi itatu kapena kuposerapo. Ku Canada kudayambika ina yotchedwa Class Afloat, yomwe imatenga achinyamata omwe ali kumapeto kwa sekondale n'kumawaphunzitsa m'sitima yoyendera mphepo.

Maulendo otere amatsegula mutu wa mwana, ndipo ambiri amatha bwinobwino. Komabe pali chinthu chimodzi chomwe chimasiyanitsa sukulu yapamadzi ndi yathu ino. Kuno mwana akakomoka m'kalasi timapeza galimoto kapena njinga yamoto n'kuthamangira naye kuchipatala. Pakati panyanja thandizo limatha kutenga tsiku lathunthu kapena masiku awiri lisanafike. Pa maola onsewo, chomwe chimasunga moyo ndi zomwe zidakonzedwa sitima isananyamuke: mankhwala omwe adalongedzedwa, zoona zomwe makolo adaulula, ndi zomwe ana adaphunzitsidwa kuchita belu langozi likalira. Nkhani zitatu zomwe zidachitikadi zikutionetsa zimenezi.

Funde la mamita 15

Pa 18 Januwale 2005, sitima ya MV Explorer idanyamuka padoko la Vancouver ku Canada kulowera ku Busan, m'dziko la South Korea. Idanyamula anthu pafupifupi 1,000, ndipo pafupifupi 700 mwa iwo adali ophunzira a Semester at Sea. Njira yake idadzera kumpoto kwa nyanja ya Pacific m'nyengo yachisanu, nthawi yomwe namondwe amabwera motsatizana. Kwa masiku angapo sitimayo idakhala ikugwedezeka mwamphamvu, mipando, matebulo ndi mabuku zikuseseseka uku ndi uku.

Pa 26 Januwale, funde lotalika pafupifupi mamita 15, msinkhu wa nyumba ya nsanjika zisanu, lidamenya kutsogolo kwa sitimayo n'kuswa zenera la chipinda choyendetsera. Madzi amchere adalowa m'zipangizo zamagetsi zolamulira injini, ndipo injini zitatu mwa zinayi zidazima.

Kuzima kwa injini pa nthawi ya namondwe n'koopsa kuposa fundelo. Sitima yomwe ili ndi mphamvu imaloza mphuno yake kumene mafunde akuchokera n'kumawakwera limodzilimodzi. Ikataya mphamvu chiwongolero sichimvekanso, mphepo imaitembenuza, ndipo mafunde amayamba kuimenya m'nthiti. Apo m'pamene imapendekeka kwambiri mpaka kufika poti itha kugudubuka. Aliyense wopalasa bwato amadziwa kuti funde salipatsa nthiti.

Ophunzira adauzidwa kuti avale majekete oyandamitsa munthu pamadzi, atuluke m'zipinda zawo ndi kusonkhana pamalo amodzi. Adakhala pansi m'makonde kwa maola ambiri atagwirana, kuti asaponyedwe kukhoma. Nthawiyi sitimayo idali pamtunda wa makilomita oposa 1,000 kummwera kwa chilumba cha Adak ku Alaska, mtunda woposa kutalika kwa dziko lathu lonse la Malawi. Asilikali olondera magombe a America adatumiza ndege ndi sitima zawo, koma ndege yamapiko imangozungulira pamwamba, singanyamule munthu pamadzi, pomwe sitima zimafunika nthawi yaitali kuti zifike. Omwe adapulumutsa Explorer adali akatswiri ake a injini, omwe adabwezeretsa mphamvu mpaka sitimayo idakhotera kummwera n'kukaima ku Honolulu patapita masiku angapo. Ogwira ntchito awiri adavulala, koma palibe yemwe adamwalira.

Chipatala cha m'sitima chili ndi malire

Pangano la maiko lokhudza ogwira ntchito panyanja, Maritime Labour Convention la 2006, limalamula kuti sitima yonyamula anthu 100 kapena kuposerapo, pa ulendo wopita maiko ena wa masiku oposa atatu, ikhale ndi dokotala. Sitima zing'onozing'ono zimayenera kukhala ndi munthu mmodzi wophunzitsidwa kusamala odwala, bokosi la mankhwala, ndi buku lotsogolera monga International Medical Guide for Ships la bungwe la WHO.

Chipinda cha odwala m'sitima yaikulu tingachiyerekeze ndi chipatala chaching'ono cha kumudzi chomwe chili ndi zipangizo zokwanira. Amatha kusoka bala, kuika dilipi, kupereka mpweya wa okosijeni, kumanga fupa lothyoka ndi kubaya jakisoni. Opaleshoni yaikulu ndiyo samapanga, ndipo magazi oti apatse munthu wotaya magazi ambiri sakhala osungidwa ngati kuchipatala chachikulu. Ntchito ya dokotala wa m'sitima ndi kumugwiriziza wodwalayo kuti akafike kumtunda ali moyo.

Matenda akakula, dokotala kapena kaputeni amaimbira madokotala a kumtunda kudzera pa wailesi kapena foni ya setilaiti. Thandizo limeneli ndi laulere ndipo limapezeka usana ndi usiku. Limodzi mwa malo akale kwambiri ochitira ntchitoyi ndi CIRM ku Rome, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1935. Akakambirana, amasankha chimodzi mwa zinthu zitatu: kupitiriza ulendo wodwalayo akulandira mankhwala, kukhotera kudoko lapafupi, kapena kuitana helikopita.

Anthu ambiri amaganiza kuti helikopita imafika paliponse. Zoona zake n'zakuti imangofika makilomita mazana ochepa kuchokera kugombe, chifukwa iyenera kusunga mafuta obwerera. Kukweza wodwala ndi chingwe kuchoka pasitima yomwe ikugwedezeka kulinso ndi ngozi zakezake, choncho usiku kapena kukakhala mphepo yaikulu amadikira. Sitima yoyenda makilomita 37 pa ola, lomwe ndi liwiro labwino panyanja, imafuna maola 27 kuti ithe makilomita 1,000. Mwana yemwe apendikisi yake yatupa, kumtunda amamuchita opaleshoni mwamsanga. Pakati panyanja amamupatsa mankhwala opha tizirombo ndi dilipi, n'kumawerenga maola. N'chifukwa chake kupweteka kwa m'mimba komwe kwayambira pamchombo n'kutsikira kumanja sikoyenera kukubisa mpaka m'mawa. Wodwala akanena msanga, kaputeni amakhala ndi mpata wokhota doko lisanapitirire.

Matenda omwe amavutitsa ophunzira panyanja

Loyamba ndi nseru ya panyanja. M'kati mwa khutu muli kachiwalo komwe kamauza ubongo ngati thupi likuyenda kapena laima. Munthu akakhala m'chipinda cha sitima, maso amaona makoma ali chiimire pomwe khutu likumva kukwera ndi kutsika. Ubongo umasokonezeka ndi mauthenga awiri otsutsanawa, ndipo zotsatira zake ndi chizungulire, thukuta lozizira ndi kusanza. Ambiri amazolowera pakapita masiku awiri kapena atatu. Chimathandiza ndi kukhala panja pamalo opita mphepo, chapakati pa sitima, n'kumayang'ana patali pomwe madzi akumana ndi thambo. Kuwerenga kapena kuyang'ana pafoni kumawonjezera vutolo. Mapiritsi ake amagwira bwino akamwedwa nseru isanayambe.

Nseruyo payokha siipha. Choopsa ndi kutha kwa madzi m'thupi mwa mwana yemwe wasanza tsiku lonse osamwa kanthu. Zizindikiro zake ndi kuuma kukamwa, mkodzo wochepa ndi wachikasu kwambiri, kufooka ndi kusokonezeka mutu. Mankhwala ake timawadziwa tonse: Thanzi ORS, kumwa pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Paketi ikasowa, mu lita imodzi ya madzi aukhondo mumasungunula masipuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Kusanza kumavutanso kwambiri kwa mwana yemwe amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, monga a khunyu, chifukwa piritsi limatuluka lisanagwire ntchito.

Lachiwiri ndi matenda opatsirana. Anthu mazana akamadyera m'chipinda chimodzi ndi kugwira zitseko zomwezo, kachirombo kotchedwa norovirus kamafala ngati moto wolusa. Kamayambitsa kusanza ndi kutsegula m'mimba patangopita tsiku limodzi kapena awiri munthu atakatenga. Mankhwala opaka m'manja aja tidawazolowera nthawi ya Covid-19 sakapha bwino kachiromboka. Chofunika ndi sopo ndi madzi, kwa masekondi osachepera 20. Ife Asilamu tili ndi mwayi woti kusamba m'manja ndi chizolowezi chathu pa wudhu ndi pa twahara, koma pochoka kuchimbudzi ndiponso tisanadye tiziwonjezerapo sopo. Wodwala amapatulidwa m'chipinda chake mpaka atachira. Apa m'pomwe achinyamata amayesedwa, chifukwa wina amabisa matenda poopa kutsala anzake akamatsika kukaona mzinda, ndipo pofika mawa lake chipinda chonse chagona. Mliri ungathe ngakhale kuthetsa ulendo: mu Malichi 2020 ulendo wa Semester at Sea udathera panjira ku Cape Town chifukwa cha Covid-19, madoko ambiri atayamba kukana sitima zonyamula anthu.

Lachitatu limakhudza kwambiri ife ochokera kumadera a udzudzu. Malungo amayamba kuonekera pakapita masiku 7 kapena kuposerapo munthu atalumidwa. Mwana atha kukwera sitima ali bwinobwino, thupi n'kudzatentha ali pakati panyanja. Dokotala wochokera kudziko lopanda malungo angayambe waganizira chimfine, pomwe malungo a mtundu wofala kuno amatha kufika poipa m'tsiku limodzi lokha. Wophunzira wa kuno akatentha thupi ali paulendo uliwonse wakunja, mawu oyamba kwa dokotala akhale akuti akuchokera kudera la malungo ndipo akupempha kuyezedwa magazi.

Lachinayi ndi matenda okhalitsa: mphumu, khunyu, shuga, vuto la mtima, ndi matupi omwe sagwirizana ndi zakudya kapena mankhwala ena. Masukulu apamadzi amafunsa za matendawa pafomu mwana asanakwere. Makolo ena amawabisa poopa kuti mwana asiyidwa, ena chifukwa cha manyazi, makamaka pa khunyu. Koma dokotala amalongedza mankhwala potengera zomwe zalembedwa pamafomuwo, ndipo panyanja palibe sitolo yoti n'kukagulako zomwe zaiwalika. Aphunzitsi akadziwa kuti mwana ali ndi khunyu samugoneka pabedi lam'mwamba, samukweza pamlongoti, ndipo samulola kusambira yekha. Akapanda kudziwa amamupatsa ntchito zonsezo ndi mtima woyera.

Tisaiwalenso kuti ngozi zina zimadikira kumtunda. Mu 1996 ophunzira 4 a Semester at Sea adafa pangozi ya basi ku India akupita ku Agra, ndipo mu 2017 wina adamwalira atagwa pakachisi wakale ku Bagan, m'dziko la Myanmar. Sitima ikaima padoko ana amamasuka, kuyang'anira kumachepa, ndipo magalimoto ndi mabwato obwereka satsata malamulo okhwima ngati a sitimayo.

Sitima ziwiri, mathero awiri

Pa 17 Febuluwale 2010, sitima ya Class Afloat yotchedwa Concordia idali paulendo wochoka ku Recife ku Brazil kupita ku Montevideo ku Uruguay. Mudali anthu 64: ophunzira 48, aphunzitsi 8 ndi ogwira ntchito 8. Masana a tsikulo, ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 550 kuchokera ku Rio de Janeiro, mphepo yamkuntho idaomba nsalu zake n'kuigoneka cham'mbali. Zitseko, mazenera ndi mipata yolowera mpweya zidali zotsegula, choncho madzi adalowa ndipo sitimayo siidadzukenso. Pasanathe mphindi 20 idali itatembenuzika.

Mu mphindi zochepazo anthu onse 64 adatuluka n'kulowa m'mabwato opopa opulumukira. Ophunzirawo adali atayeserera kambirimbiri zochita pa ngozi: komwe kuli majekete, njira yotulukira, ndi kuwerengana kuti aone ngati wina watsala. Wailesi zoitanira thandizo zidamira ndi chipinda choyendetsera. Chidatsala ndi kachipangizo kotchedwa EPIRB, komwe kamatumiza chizindikiro cha ngozi ku setilaiti. Chizindikirocho chidamveka, koma nambala ya foni yomwe idalembetsedwa pa kachipangizoko idali yakale, yosagwiranso ntchito, ndipo ichi chidali chimodzi mwa zomwe zidachedwetsa kutsimikiza kuti ngozi yachitikadi. Anawo adakhala pamadzi maola pafupifupi 40, usiku uwiri, akusanza, akukapa madzi m'mabwato ndi kutunga madzi amvula. Adawatola ndi sitima ziwiri zonyamula katundu, Hokuetsu Delight ndi Crystal Pioneer. Palibe ndi mmodzi yemwe adatayika.

M'bwato lopulumukira malamulo ake ndi ochepa koma okhwima. Aliyense amamwa piritsi loletsa nseru nthawi yomweyo, chifukwa kusanza kumamaliza madzi m'thupi. Madzi akumwa omwe amasungidwamo ndi lita imodzi ndi theka pa munthu aliyense, choncho amagawidwa mosamala. Madzi a m'nyanja yamchere samwedwa zivute zitani: lita imodzi imakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35, ndipo impso zimataya madzi ambiri pouchotsa kuposa omwe munthu wamwa. Kuzizidwa nako kumapha, popeza madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mpweya, choncho anthu amakhala mothithikana ndi kuyesetsa kuti pansi pabwato pakhale pouma.

Bungwe lofufuza ngozi la Canada, Transportation Safety Board, lidatulutsa lipoti lake mu 2011. Lidapeza kuti woyang'anira sitima pa nthawiyo adaona mkuntho ukubwera koma sadazindikire kuopsa kwake, choncho nsalu sizidachepetsedwe, njira siidasinthidwe pa nthawi yake ndipo zitseko sizidatsekedwe. Kulakwitsa kwa akuluakulu kudamiza sitima. Kukonzekera kwa onse kudapulumutsa miyoyo.

Nkhani ya Sewol idatha mosiyana. Pa 16 Epulo 2014 sitimayi idali paulendo wochoka ku Incheon kupita kuchilumba cha Jeju ku South Korea, itanyamula anthu 476. Mwa iwo, 325 adali ophunzira a sekondale ya Danwon ku Ansan, omwe adali paulendo wa sukulu. Sitimayo idali itawonjezeredwa zipinda pamwamba, idasenza katundu woposa muyeso yemwe sadamangidwe bwino, ndipo madzi olemetsa pansi, omwe amathandiza kuti isapendekeke, adali atachepetsedwa. Itakhota, katundu adakhuthukira mbali imodzi ndipo idayamba kupendekeka.

Padali nthawi yokwanira yotulutsa anthu, ndipo gombe silidali kutali. Woyamba kuimba foni yopempha thandizo adali mmodzi mwa ophunzirawo. Koma pazokuzira mawu ankangobwereza kuti aliyense akhale pomwe ali. Anawo adamvera, adavala majekete n'kumadikira m'zipinda. Sitima itapendekeka kwambiri, makonde adasanduka maenje ndipo zitseko zidakhala kudenga. Kaputeni ndi ena mwa ogwira ntchito adali m'gulu la oyamba kupulumutsidwa. Anthu 304 adafa, ndipo 250 mwa iwo adali ophunzira. Mu 2015 khoti lalikulu la dzikolo lidatsimikiza chilango choti kaputeniyo akhale m'ndende moyo wake wonse.

Nanga mwana amvere kapena asamvere?

Funso ili ndi lolemera kwa sukulu ngati yathu, yomwe imaphunzitsa ulemu ndi kumvera. Ophunzira a mu Explorer adamvera ndipo adapulumuka. A mu Sewol adamveranso koma adafa. Yankho lake si lakuti ana aziderera malangizo, chifukwa anthu mazana akamathamanga aliyense njira yake amapondana pamasitepe.

Kusiyana kudali pa malangizowo. Malamulo a chitetezo panyanja, omwe ali m'pangano la SOLAS lomwe lidayamba Titanic itamira mu 1912, ali ndi dongosolo lodziwika. Chizindikiro cha ngozi ndi kulira kwa belu kapena hutala kafupikafupi ka 7 kenako kamodzi kotalika. Chikamveka, aliyense amavala zofunda, kutenga jekete lake ndi mankhwala ake ofunikira, n'kupita pamalo osonkhanira omwe adamuonetsa, pomwe n'kosavuta kufika kumabwato opulumukira. Kumeneko amaitana maina. Kusonkhana sikutanthauza kuti sitima ikusiyidwa. Lamulo lolowa m'mabwato amapereka ndi kaputeni yekha. Kuyambira mu 2015, potsatira ngozi ya Costa Concordia ku Italy mu 2012, apaulendo omwe akhale m'sitima maola oposa 24 ayenera kuonetsedwa dongosololi sitima isananyamuke kapena ikangonyamuka.

Mwana yemwe wayeserera zimenezi amamvera akudziwa chomwe akumvera. Mphunzitsi yemwe wayeserera amazindikira msanga kuti kusunga ana m'zipinda zamkati sitima ikupendekekabe n'kosemphana ndi dongosolo. Udindo wake pamenepo ndi kufunsa ogwira ntchito mwamphamvu, kusonkhanitsa ana ake, ndi kuwatsogolera kumtunda, pabwalo loonekera, njira zisanatsekeke. Amene timauza ana kuti azimumvera asenze udindo wodziwa chomwe akunena.

Zomwe Chisilamu chimatiphunzitsa

Kuteteza moyo ndi chimodzi mwa zolinga zikuluzikulu za Shariya, ndipo chipembedzo chathu chidafewetsa malamulo kwa wapaulendo ndi wodwala. Mu Surat Al-Baqarah, ndime 184 ndi 185, awiriwa aloledwa kumasula funga ya Ramadhan n'kudzabweza masikuwo pambuyo. Mwana yemwe akusanza panyanja, kapena wa matenda a shuga, asadzikakamize mpaka kukomoka poganiza kuti ndiko kuopa Allah. Kusanza kobwera kokha sikuononga funga, koma thupi likayamba kuuma ndi bwino kumasula ndi kumwa.

Wapaulendo amafupikitsa swala za Zuhr, Asr ndi Isha kuchoka pa maraka 4 kufika pa 2. M'sitima amayesetsa kulunjika ku Qibla, ndipo ngati kugwedezeka kapena chizungulire sizikumulola kuima, amaswali chokhala. Madzi a m'nyanja yamchere ndi oyera, amaloledwa kupangira wudhu, choncho palibe chifukwa chothera madzi akumwa. Belu langozi likalira munthu ali pa swala, adule n'kupita kosonkhanira. Adzaswali akakhala pabwino. Pa tsatanetsatane wa malamulowa, masheikh athu ali okonzeka kuthandiza aliyense asananyamuke.

Pali mawu omwe timamva kawirikawiri, akuti tsiku likakwana lakwana, jekete silingaletse. N'zoona kuti moyo ndi imfa zili m'manja mwa Allah Subhanahu wa Ta'ala. Koma Mtumiki Nuh, mtendere ukhale pa iye, adalamulidwa kukhoma chombo chigumula chisanafike. Ndipo Mtumiki wathu Muhammad, madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye, adalangiza mwini ngamira kuti ayambe waimanga kenako ayadzamire kwa Allah. Tawakkul imabwera pamodzi ndi kuchita mbali yathu. Ana omwe makolo atipatsa ndi amana, ndipo tidzafunsidwa za momwe tidawasungira.

Nyanja yathu nayo ndi nyanja

Ochepa mwa ana athu adzakwera sitima yowoloka Pacific, koma ambiri adzakwera Ilala kupita ku Likoma, kapena boti la injini ku Cape Maclear paulendo wa sukulu. Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 550 ndipo malo ena ndi yakuya pafupifupi mamita 700. Mwera ukaomba m'miyezi yozizira mafunde ake saseweretsa. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya idagudubuzika ndi namondwe kufupi ndi Chitimba ndipo anthu 145 adamira. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Choncho ulendo uliwonse wapamadzi usanavomerezedwe, komiti ndi makolo ali ndi ufulu wofunsa mafunso awa, ndipo sukulu iyenera kukhala ndi mayankho.

Kodi botilo kapena sitimayo ili ndi chilolezo chonyamula anthu angati, ndipo ife tilipo angati? Owonjezera atsale kapena adikire ulendo wachiwiri.

Kodi majekete alipo okwanira mwana aliyense, a msinkhu wake? Paboti laling'ono jekete limavalidwa ndi kumangidwa asanakwere, ngakhale kwa odziwa kusambira. Atsikana avale hijab yomangidwa bwino yosalendewera pafupi ndi injini, ndipo jekete likhale pamwamba pa zovala zonse.

Kodi ndani mwa aphunzitsi adaphunzira chithandizo choyamba, ndipo bokosi lake muli chiyani? Chipatala chapafupi ndi njira yonseyo chili kuti?

Kodi ndani ali ndi mphamvu yoimitsa ulendo nyengo ikaipa, ngakhale ndalama zitalipidwa kale ndipo ana akudandaula?

Kodi ana aonetsedwa zochita pa ngozi asananyamuke? Mndandanda wa maina ukhale pawiri, wina ndi mphunzitsi paulendo, wina kuofesi.

Kwa inu makolo, pempho lathu ndi la zinthu zitatu. Lembani zoona pafomu ya zaumoyo. Zomwe mwalemba zimasungidwa mwachinsinsi ndipo cholinga chake ndi kuteteza mwana, osati kumusiya. Mpatseni mankhwala okwanira ulendo wonse ndi masiku ena apadera, ali m'mapaketi ake, ndipo ofunika mwadzidzidzi monga inhela ya mphumu akhale m'thumba la chovala chake, chifukwa pa ngozi chikwama chimatsala. Ndipo mukasintha nambala ya foni dziwitsani ofesi sabata yomweyo. Taona momwe nambala yakale idachedwetsera thandizo kwa ana a mu Concordia.

Kwa inu ophunzira: mukamva kudwala nenani nthawi yomweyo, mnzanu akadwala musamubisire, ndipo pomwe akukuonetsani zochita pa ngozi ikani foni m'thumba n'kumvetsera. Werengani zitseko kuchoka pomwe mukugona kukafika potulukira, kuti muthe kuyenda njirayo ngakhale magetsi atazima. Pomwe simunamvetse funsani, pakuti safunsa adadya phula.

Tikupempha Allah kuti asunge ana athu pamtunda ndi pamadzi, awapatse maphunziro opindulitsa, ndipo aliyense wotuluka pakhomo amubweze kwa makolo ake ali wamoyo ndi wathanzi. Ameen.